PHUNZIRO 7: PULANI YOLOLA KUSINTHA

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa:

- kusiyana kwa pulani youma ndi pulani yolola kusintha;
- kumene njira yotchedwa agile idachokera ndi mmene imayendera;
- mmene tingaigwiritsire ntchito m'magulu ndi m'makomiti athu;
- chifukwa chake kusintha pulani kuyenera kuchitikira poyera, pamaso pa eni ntchito.

Mau oyamba

M'madera athu ambiri muli zinthu zimene maso athu adazolowera: maziko a chipatala chaching'ono amene adamera udzu, chipinda cha sukulu chimene chidalekezera pa mawindo, mulu wa njerwa zootcha umene ukusungunuka ndi mvula. Ntchito zonsezi zidayamba bwino. Msonkhano udachitika, pulani idalembedwa, anthu adasonkha ndalama, amayi adatunga madzi ndi kututa mchenga, achinyamata adaumba njerwa. Nanga zidaima bwanji?

Nthawi zina yankho lake ndi kuba. Koma nthawi zinanso palibe amene adaba ngakhale tambala imodzi. Pulani idalembedwa tsiku limodzi, ndipo zinthu zitasintha, pulaniyo sidasinthe nazo. Tikumbukire kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepa mphamvu ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi ya ku America. Komiti imene idali itawerengetsa mtengo wa simenti ndi malata mu Okutobala idadzuka bajeti yake itachepa. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adagumula nyumba, milatho ndi masukulu m'maboma ngati Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Mudzi umene udali ndi pulani yomanga nyumba ya aphunzitsi udapezeka kuti chosowa chake choyamba tsopano ndi pogona ndi madzi akumwa.

Ntchito ikaima chonchi, chimene chimatayika si ndalama zokha. Anthu amataya chikhulupiriro. Mawa mfumu kapena komiti ikaitananso anthu ku chitukuko china, ambiri amangoti, "Zija tidasonkhera zija zili kuti?" N'chifukwa chake nkhani ya kakonzedwe ka ntchito ikutikhudza tonse, osati alembi ndi apampando okha.

1. Njira ziwiri zokonzera ntchito

Njira yoyamba ndi imene ambiri tidazolowera. Timakhala pansi kamodzi n'kulemba zonse kuyambira poyamba mpaka pamapeto: tidzachita chakuti, kenako chakuti, ndalama zake ndi izi, tidzamaliza tsiku lakuti. Tikatero timayamba ntchito, ndipo phindu lake limadzaoneka kumapeto kwenikweni. Akatswiri a makompyuta amaitcha njirayi mathithi, chifukwa madzi akagwa pa mathithi sabwereranso kumtunda. Gawo likatha, latha; simubwerera kukalikonza.

Mu 1970 katswiri wina wa ku America, Winston Royce, adafotokoza njirayi m'zolemba zake za kapangidwe ka mapulogalamu akuluakulu a pakompyuta. Iye yemweyo adachenjeza kuti njirayi ili ndi ngozi, popeza kuyesa ngati chinthu chikugwira ntchito kumabwera kumapeto, pamene ndalama ndi nthawi zatha kale.

Njira yachiwiri ndiyo ya agile. Mau amenewa ndi a Chingerezi, ndipo amanena za chinthu chochangamuka, chotha kutembenuka msanga ngati gwape. M'njira imeneyi cholinga chachikulu chimadziwika bwino kuyambira pachiyambi, koma ntchito imadulidwa m'magawo afupiafupi. Gawo lililonse limatha ndi chinthu chomalizika, choti anthu angayambe kuchigwiritsa ntchito. Likatha, onse amakhala pansi, amaona chimene chapangidwa, ndipo amakonza gawo lotsatira molingana ndi zimene aphunzira. Makolo athu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

2. Kumene njirayi idachokera

Njira ya agile sidayambire m'ntchito za chitukuko. Mizu yake ili m'mafakitale ndi m'makampani a makompyuta.

*Ku Japan.* Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, kampani yopanga magalimoto ya Toyota idalibe ndalama zosungira zipangizo zambiri. Mmodzi wa akuluakulu a fakitale, Taiichi Ohno, adakonza njira yakuti gawo lililonse la fakitale lizipanga zinthu zokhazo zimene gawo lotsatira lapempha. Pempholo linkalembedwa pa kakhadi kotchedwa kanban m'chilankhulo chawo. Kampaniyo idaperekanso mphamvu kwa wantchito wamba yoti aimitse makina akaona cholakwika, kuti vuto likonzedwe pomwepo lisadafalikire m'magalimoto ambiri.

Mu 1986 aphunzitsi awiri a ku Japan, Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka, adalemba m'magazini ya Harvard Business Review za mmene makampani ngati Honda ndi Canon ankapangira katundu watsopano. Adati njira yakale ikufanana ndi mpikisano wothamanga wopatsirana kamtengo, m'mene aliyense amathamanga gawo lake yekha n'kusiyira mnzake. Makampani opambanawo ankachita ngati timu ya mpira wa rugby, imene imayenda yonse pamodzi, osewera akupatsirana mpira uku ndi uku.

*Ku America.* Maganizo amenewa adafika kwa anthu opanga mapulogalamu a pakompyuta, amene ankavutika ndi ntchito zotenga zaka zambiri koma zosakondweretsa eni ake pamapeto. Mu 1995 Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland adalengeza njira yawo yotchedwa Scrum. Dzinali adalitenga ku rugby, kumene limanena za osewera akagwirana mapewa n'kumakankha pamodzi. Kenako kuyambira pa 11 mpaka pa 13 Febuluwale 2001, akatswiri 17 adakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah, ndipo adagwirizana pa chikalata chachifupi chokhala ndi mfundo zikuluzikulu 4 ndi malangizo 12. Kuchokera pamenepo dzina loti agile lidafala, ndipo lero njirayi imagwiritsidwanso ntchito m'mabanki, m'maofesi a boma ndi m'mabungwe ena.

3. Mfundo zinayi za mu 2001

Mfundo iliyonse imayerekeza zinthu ziwiri zabwino, n'kunena chimene chiyenera kutsogola. Tizifotokoze m'mau athu:

(a) Anthu ndi kukambirana kwawo n'zofunika kuposa malamulo a kagwiridwe ka ntchito ndi zipangizo.

(b) Chinthu chimene chikugwiradi ntchito n'chofunika kuposa mulu wa mapepala ochifotokoza.

(c) Kugwirira ntchito limodzi ndi mwini wake wa chinthucho n'kofunika kuposa kulimbana pa mau a mu kontilakiti.

(d) Kusintha zinthu zikasintha n'kofunika kuposa kukakamira pulani.

Tisamve molakwa. Olembawo adanenetsa kuti malamulo, mapepala, makontilakiti ndi mapulani ali ndi phindu lake. Sadanene kuti tizitaye. Chimene adakana n'chakuti pepala lizilamulira anthu ngakhale pamene aliyense akuona kuti zolembedwazo sizikugwirizananso ndi zimene zilipo. Lipoti lokongola lonena za mjigo silithetsa ludzu. Chimene chimathetsa ludzu ndi mjigo wotulutsa madzi.

4. Chitsanzo chimene chidachitikadi

Bungwe la apolisi ofufuza milandu la boma la America, la FBI, lidafuna kuchoka pa mafayilo a mapepala n'kuyamba kusunga milandu pakompyuta. Ntchito yoyamba idatsata njira ya mathithi. Mu 2005 idasiyidwa osagwira ntchito, itadya madola pafupifupi 170 miliyoni. Mu 2006 adayamba ina yotchedwa Sentinel, imene adaipereka kwa kampani yaikulu ndi pulani ya magawo anayi. Pofika mu 2010 madola oposa 400 miliyoni adali atagwiritsidwa ntchito, koma magawo awiri okha ndiwo adali ataperekedwa.

Chaka chimenecho bungweli lidatenga ntchitoyo m'manja mwake. Lidachepetsa kwambiri chiwerengero cha ogwira ntchito, n'kuyamba kugwira m'magawo a masabata awiriawiri, kuonetsa zimene zapangidwa kumapeto kwa gawo lililonse. Ngakhale panalinso kuchedwa kwina, mu Julaye 2012 Sentinel idayamba kugwiritsidwa ntchito m'bungwe lonse.

Tikuphunzirapo chiyani? Ndalama zambiri, akatswiri ambiri ndi pulani yaitali sizitsimikiza kuti ntchito itheka. Chimene chidasintha zinthu ndi kuona zotsatira pafupipafupi, kotero kuti cholakwika chinkadziwika patangopita masabata, osati zaka.

5. Mmene njirayi imayendera

Tiyeni tione masitepe ake monga amachitira m'njira ya Scrum, ndi mmene gulu la kwathu lingawatengere.

*Poyamba: kugwirizana cholinga.* Cholinga chinene za kusintha kumene tikufuna m'moyo wa anthu, osati za katundu yekha. Kunena kuti "tigule matumba a simenti" si cholinga. Kunena kuti "ana athu aziphunzira ngakhale mvula ikugwa" ndicho cholinga. Chimenechi ndicho sichisinthasintha.

*Kachiwiri: mndandanda wa ntchito.* Timalemba zonse zofunika kuchitika, n'kuzisanja kuyambira chofunika kwambiri mpaka chimene chingadikire. Mndandandawu sutsekedwa. Zatsopano zikhoza kulowa, zina kutsika, zina kuchotsedwa. Mu Scrum pamakhala munthu mmodzi amene amasamala mndandandawu m'malo mwa eni ntchito. Kwathu kuno akhale munthu wosankhidwa ndi anthu, amene amamva maganizo a amayi, achinyamata, okalamba ndi olumala, osati a anthu olankhula mokweza okha.

*Kachitatu: gulu laling'ono.* Malangizo a Scrum amati gulu logwira ntchito likhale la anthu 10 kapena ocheperapo, okhala ndi maluso osiyanasiyana, ndipo lizigawana lokha ntchito. Pamakhalanso munthu wina amene udindo wake si kulamula, koma kuchotsa zopinga ndi kuonetsetsa kuti misonkhano ikuchitika. Mutu umodzi susenza denga, komanso anthu akachuluka kwambiri aliyense amayesa kuti mnzake achita.

*Kachinayi: gawo lalifupi.* Gawoli amalitcha sprint, ndipo silipitirira mwezi umodzi. Gulu limatenga ntchito za pamwamba pa mndandanda, zokhazo zimene lingathe kumaliza m'nthawiyo. Gawo likayamba, cholinga chake sichisokonezedwa ndi maganizo atsopano. Maganizo atsopanowo amalembedwa pa mndandanda kuti adzaonedwe pokonza gawo lotsatira.

*Kachisanu: kukumana mwachidule.* M'makampani gulu limakumana tsiku lililonse kwa mphindi 15. Magulu ambiri amayankha mafunso atatu: Tachita chiyani? Tichita chiyani? Chikutitchinga n'chiyani? Ife amene timagwira ntchito modzipereka, tili ndi minda ndi mabanja, tikhoza kukumana kamodzi pa sabata, koma msonkhanowo ukhale waufupi ndithu. Si nthawi ya malonje kapena yoweruza milandu.

*Kachisanu ndi chimodzi: kuonetsa ntchito.* Gawo likatha, eni ntchito amaitanidwa kudzaona ndi maso awo chimene chapangidwa. Gulu liyenera kugwirizana pasadakhale tanthauzo la mau oti "yatha". Chimbudzi chopanda chitseko sichidathe. Mjigo wopanda komiti yousamala ndi thumba la ndalama zokonzera ukaonongeka sudathe.

*Kachisanu ndi chiwiri: kudziunika.* Pomaliza gulu limakhala palokha n'kudzifunsa: chayenda bwino n'chiyani, chavuta n'chiyani, tisinthe chiyani m'gawo likudzali? Asankhe chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti asinthe, ndipo azisinthedi.

Chida chothandiza pa zonsezi ndi bolodi, limene lidachokera ku makhadi a kanban aja. Timajambula mizere itatu pa bolodi kapena pa pepala lalikulu: ZOTI TICHITE, ZIMENE TIKUCHITA, ZIMENE TAMALIZA. Ntchito iliyonse imalembedwa pa kapepala kake ndipo imasuntha kuchoka mzere wina kupita mzere wina. Lamulo lake ndi lakuti mzere wapakati usadzaze. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Bolodili lipachikidwe poonekera, kuti aliyense wodutsa adziwe pamene ntchito yafika.

Amene tidalowapo m'magulu a achinyamata ogwira ntchito tiona kuti kayendedwe kameneka sikachilendo kwenikweni. Joseph Cardijn, wansembe wa ku Belgium amene adayambitsa gulu la YCW m'zaka za m'ma 1920, adaphunzitsa njira ya kuona, kuweruza ndi kuchita, ndipo Papa Yohane XXIII adaivomereza m'kalata yake ya Mater et Magistra mu 1961. Njira ziwirizi zidabadwira kosiyana, koma zimagwirizana pa mfundo imodzi: tikachita kanthu, tibwerere kukaonanso, tisadapitirire.

6. Tiyerekeze

Tiyerekeze kuti komiti ya makolo pa sukulu ina ya pulayimale yapeza zosowa zinayi: zimbudzi za atsikana, denga la chipinda chimodzi limene lidasasuka ndi mphepo, madesiki, ndi nyumba ya mphunzitsi. Ndalama zimene zilipo n'zochepa, zina zikuyembekezeka.

Komiti yotsata pulani youma ikhoza kuyamba zonse zinayi nthawi imodzi, popeza zonse zili mu pulani ya chaka. Ikumba maenje a zimbudzi, iika maziko a nyumba, ilipira theka kwa kalipentala, igula mitengo ya denga. Mitengo ya zinthu ikakwera pakati pa chaka, ndalama zitha. Chaka chikamatha pali maenje, maziko, matabwa ndi ngongole, koma palibe mwana ngakhale mmodzi amene wathandizika.

Komiti yotsata njira ya agile iyamba ndi funso lakuti: chimene chikulepheretsa ana kuphunzira lero n'chiti? Makolo, aphunzitsi ndi ana atakambirana, agwirizana kuti denga likhale loyamba, chifukwa mvula yayandikira. Mwezi woyamba ukutha denga litakhomedwa, ana alowa m'kalasi. Mwezi wachiwiri amanga zimbudzi ziwiri zokha mwa zinayi zimene akufuna, n'kuzimaliza. Pa tsiku loonetsa ntchito atsikana akunena kuti zitseko zayang'ana ku bwalo kumene anyamata amasewera mpira, ndiye akuchita manyazi kulowamo. Komiti imanga kakhoma kotchinga, ndipo zimbudzi ziwiri zotsalazo zidzayang'ana kwina. Akadamanga zonse zinayi nthawi imodzi, cholakwikacho chikadakhala pa zonse.

Kenako mtengo wa simenti wakwera. Komiti ibwerera kwa makolo ndi mndandanda uja: ndalama zotsala sizikwanira nyumba, koma zikwanira madesiki a kalasi imodzi. Aonanso kuti nthawi ya dzinja anthu ali kumunda, ndipo njerwa siziumbika mvula ikugwa. Agwirizana kuti madesiki atsogole, njerwa za nyumba zidzaumbidwe akakolola. Chaka chikamatha nyumba ya mphunzitsi kulibe, monganso m'njira yoyamba ija. Koma pali denga, zimbudzi ndi madesiki zimene zikugwira ntchito, palibe ngongole, ndipo makolo akudziwa kumene ndalama zawo zapita.

7. Kusintha pulani si chilolezo chodyera ndalama

Pano tiyenera kuchenjera. Munthu wosakhulupirika akhoza kubisala m'mau oti "pulani yasintha". Ndalama za mjigo n'kupita ku maalawansi, akafunsidwa n'kumati zinthu zidasintha. Imeneyo si njira ya agile, ndi chinyengo. Njira yeniyeni imafuna kuti atsogoleri aziyankha kwa anthu kawirikawiri kuposa kale: mwezi uliwonse, osati kamodzi pa chaka.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Gulu logwira ntchito likhoza kusintha kagwiridwe ka ntchito: ndani achite chiyani, tsiku liti, mchenga ukatengedwe kuti. Koma kusintha cholinga, kusintha chimene chitsogole, kapena kusamutsa ndalama kuchoka ku ntchito ina kupita ku ina, ndi udindo wa eni ntchito. Choncho tisunge malamulo awa:

- Kusintha kulikonse kwakukulu kugwirizanidwe pa msonkhano wa eni ntchito, osati kunyumba kwa wapampando.
- Mlembi alembe chimene chasintha, chifukwa chake, ndi amene adalipo.
- Msungichuma awerenge poyera ndalama zolowa ndi zotuluka kumapeto kwa gawo lililonse, malisiti ali m'manja.
- Ngati ndalama zidachokera ku bungwe lothandiza kapena ku khonsolo, tilembe kalata yopempha chilolezo tisadasinthe, ndipo tidikire yankho. Ndalama zoperekedwa pa ntchito yakutiyakuti zili ndi pangano lake.

Kufunsa za zimenezi si mwano. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, mu ndime 30, amati anthu onse ali ndi ufulu wa chitukuko, ndipo ndime 37 imapereka ufulu wopeza uthenga umene uli m'manja mwa boma. Lamulo lothandiza anthu kupeza uthenga wotere lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Komanso kuchokera mu 1998, pamene dziko lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, mapulani a chitukuko amayenera kuyambira kumudzi, kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC, mpaka ku khonsolo. Amene tili m'makomiti amenewa tikhoza kupempha kuti mapulani a m'mudzi aziunikidwanso pafupipafupi, ndi kuti ntchito imodzi izimalizidwa isadayambike ina. Safunsa adadya phula.

8. Malire a njirayi

Palibe njira imene imachiza matenda onse. Njira ya agile idapangidwira mapulogalamu a pakompyuta, amene kuwasintha n'kosavuta poyerekeza ndi khoma la njerwa. Pali ntchito zina zimene zimafuna pulani yonse isadayambike. Maziko a nyumba ayenera kudziwa kulemera kwa denga limene adzasenze. Mlatho sungamangidwe theka kuti anthu ayambe awolokapo. Malo okumba mjigo amafuna katswiri woyeza madzi. Nyengo yobzala sidikira msonkhano wathu. Pa zinthu zotere timvere amisiri ndi alangizi. Ngakhale pamenepo tikhoza kusankha kumaliza chipinda chimodzi tisadayambe chachiwiri, ndi kuyendera ntchito mwezi uliwonse.

Vuto lina ndi lotenga maina ndi misonkhano ya njirayi koma mtima wake osautenga. Makampani ena amachita misonkhano ya mphindi 15 tsiku lililonse, koma zonse zimalamulidwabe ndi bwana, ndipo wonena vuto amadzudzulidwa. Zikatero anthu amabisa mavuto mpaka atakula. Njirayi imayenda pokhapokha ngati munthu wamng'ono m'gulu angathe kunena kuti "apa palakwika" popanda mantha, monga wantchito wa ku Toyota uja woimitsa makina.

Pomaliza, njirayi imafuna nthawi ya eni ntchito. Ngati sitibwera pa tsiku loona ntchito, gulu lizingoganiza lokha zimene tikufuna, ndipo tidzadandaula mochedwa. Madzi akatayika saoleka.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani ntchito imodzi ya chitukuko m'dera lathu imene idamalizika, ndi ina imene idaima. Kusiyana kwake kudali pati? Tikambe za kayendetsedwe ka ntchito, osati za maina a anthu.
2. Pa ntchito imene idaimayo, ndi gawo liti laling'ono limene likadamalizidwa n'kuyamba kuthandiza anthu ndi ndalama zimene zidalipo?
3. M'komiti yathu, ndani amasankha chimene chitsogole? Kodi mau a amayi, achinyamata ndi olumala amamveka?
4. Kodi tingadziwe bwanji kusiyana kwa kusintha pulani kwabwino ndi kusintha kobisa chinyengo?
5. N'chiyani chimaletsa anthu kunena poyera kuti ntchito siikuyenda bwino? Tingachotse bwanji mantha amenewa?
6. Ndi ntchito ziti kwathu kuno zimene zimafuna pulani yonse kuchokera kwa akatswiri tisadaziyambe?

Zoti tichite

Gulu lililonse, kaya ndi mphakati, bungwe la amayi, kalabu ya alimi kapena komiti ya sukulu, lisankhe ntchito imodzi imene lili nayo kale, ndipo lichite izi msonkhano wotsatira usadafike:

- Lilembe cholinga cha ntchitoyo m'chiganizo chimodzi chimene aliyense angachimve.
- Lilembe mndandanda wa zonse zotsala, n'kuzisanja kuyambira chofunika kwambiri.
- Lisankhe zimene lingamalize m'masabata anayi ndi ndalama ndi manja amene alipo lero, osawerengera malonjezo.
- Ligwirizane tanthauzo la mau oti "yatha" pa ntchito iliyonse yasankhidwayo.
- Lipachike bolodi la mizere itatu poonekera.
- Lilengeze tsiku limene anthu onse adzabwere kudzaona ntchito ndi kumva za ndalama.

Mau omaliza

Abale ndi alongo, sitingaletse mitengo ya zinthu kukwera kapena mvula kubwera mosayembekezeka. Chimene chili m'manja mwathu ndi kakonzedwe ka ntchito. Tigwire cholinga mwamphamvu, tidule ntchito m'magawo oti tingathe kumaliza, tionetse poyera chimene tachita ndi ndalama zimene tagwiritsa ntchito, ndipo tilole eni ntchito kutiuza chotsatira. Tikatero, ngakhale ndalama zitathera panjira, m'mudzi mudzatsala chinthu chimene anthu akuchigwiritsa ntchito, ndipo tikadzawaitananso adzabwera.